Ndinaulula Pa Mitondo Ndipo Sindipepesa

Inu Lusiya, Tiyamike ndi Yosefe, ana a mwana wanga Mateyu, ndatenga cholembera chifukwa miyendo yanu yaiwala njira ya kunyumba kwanga. Sindikukudzudzulani. Ndikudziwa zimene mukumva ku mjigo ndi padoko, zakuti agogo anu anagulitsa cholowa cha banja posinthanitsa ndi malaya obiriwira a gulu losamalira nyanja. Malayawo alipodi, ndipo amandithina m'khwapa. Koma mlandu womvera mbali imodzi uli ngati bwato lopalasidwa mbali imodzi: limangozungulira pomwepo. Mbali ya bambo anu mwaimva. Tsopano khalani pansi mumve yanga, pakuti chimene ndinachitacho chasiya katundu pamitu panu, ndipo si bwino munthu kusenza mtolo osadziwa zimene zamangidwamo.

Ine ndinakulira kuno kum'mawa kwa nyanja, pafupi ndi mishoni. Tinkalemba pa sileti n'kufufuta ndi malovu, ndipo katekisimu tinkamuloweza mpaka kumulota. Aphunzitsi ankati dzanja langa ndi la ukalaliki, koma amalume anga a Barnaba anati inki sathira m'ndiwo, nandikokera ku bwato. Iwe Yosefe, amene umadandaula kuti zala zikupweteka ukakanda foni tsiku lonse, ukadaona ntchafu zathu. Ukonde wa masiku amenewo tinkaupanga ndi chopwa, chitsamba chimene tinkasenda khungwa lake n'kulipota pantchafu kufikira ubweya wonse utathothoka. Pambuyo pake kunabwera ulusi wosolola m'matayala a galimoto, ndipo tinadziona ngati tatukuka kotheratu. Ukonde wa chopwa sunkafuna kugona wonyowa, unkawola. Unkayenera kuyanikidwa, kusokedwa, kupumitsidwa. Ndipo ukonde ukamapuma, nyanja inkapumanso. Palibe amene ankazitcha lamulo. Diso la ukonde tinkaliyeza ndi zala zinayi za munthu wamkulu. Munthu wobwera padoko ndi kasawala, ndiye kuti ana a chambo, amayi ankamuseka kuti walowa m'chikuta n'kuba makanda, ndipo ankatha sabata akuyenda chozolika.

Chaka chimene ndinayamba kumeta ndevu, amalume anandidzutsa m'mawa wina mwera utaleka, nyanja ili bata ngati mafuta m'mbale. Tinapalasa awiriwiri. Titafika patali ndithu anandiuza kuti nditembenuke ndiyang'ane kumtunda. Anati ndidikire mpaka mlambe wa kumanda utabisa mtanda wa padenga la tchalitchi. Kenaka anati ndiyang'ane chakumwera, mpaka mgwalangwa wa pamathiriro a mtsinje utaima pakati pa mpata wa mapiri a ku Chowe. Pamene ziwirizi zinachitikira pamodzi, anaika nkhafi pansi nati, "Tsopano yang'ana m'madzi."

Ana inu, ndaona zinthu pa moyo wanga, koma zija sindinazionenso kwina. Pansi panali mchenga woyera, ndipo pamchengapo panali maenje ozungulira, okwezeka m'mbali, ambirimbiri, ngati mitondo ya mudzi wonse yaikidwa pabwalo limodzi. Pa mtondo uliwonse panali chambo chachimuna chakuda bii, chikusesa pakhomo pake kudikira mkazi. Amenewo ndiwo malo amene chambo chimaswanirana, ndipo makolo athu anawatcha Pa Mitondo.

Amalume ananena mawu awo pomwepo, pamadzi, popeza mwambo unali wakuti za Pa Mitondo sizinenedwa pamtunda. Anati malowo amasonyezedwa kwa munthu mmodzi yekha pa m'badwo uliwonse. Anatinso, ndipo apa anandigwira khutu mpaka linatentha, kuti kuyambira mvula yoyamba kufikira chimanga chitamasula, ukonde suponyedwa pamenepo, ngakhale m'nyumba mutagona njala.

Miyezi yotsalayo tinkapha m'mphepete mwake, ndipo sitinabwerepo chimanjamanja. Malata a nyumba imene munabadwiramo anachokera pamenepo. Sukulu ya bambo anu inachokera pamenepo. Njinga yanga yakuda ija, imene mukuiona ikudya dzimbiri kuseri kwa bafa, inachokeranso pamenepo, ndipo musamaiseke. Inkanyamula dengu la chambo chowamba kuchokera kuno mpaka ku boma, ine ndikupalasa mumchenga, m'thumba muli chinangwa chootcha ndi kamchere kokulunga m'tsamba. Pobwerera ndinkagulira agogo anu aakazi, malemu Estere, sopo wonunkhira, iwo n'kumandikalipira kuti ndawononga, koma sopoyo osamubweza. Lero mumakwera njinga zamoto, mphindi zochepa mwafika, ndipo mumafikabe mutatopa kuposa ife.

Mlongo wanga a Marita anabereka ana aakazi okhaokha, motero panalibe mwana wawo wamwamuna woti ndimusiyire monga amalume anasiyira ine. Choncho maondo anga atayamba kulira, malo aja ndinasonyeza mwana wanga Mateyu. Ndinamuuza zonse monga ndinauzidwira, ndipo khutu lake ndinaligwiranso chimodzimodzi. Nthawi imeneyo nyanja inali itasintha kale. Kunali kutabwera maukonde osawola, osafuna kupuma, ena owonekera ngati madzi enieniwo. Anthu anafika posoka pamodzi maneti a udzudzu n'kumakokera m'nyanja, kusesa ndi mazira omwe. Asodzi anachuluka, nsomba zinachepa, ndipo kasawala amene kale ankachititsa manyazi anayamba kugulitsidwa poyera pa thandala.

Gulu losamalira nyanja litayamba m'mudzi muno, ine ndinali woyamba kuliseka. Ndinkati nyanja inalipo Nowa asanakhome chingalawa, lero isamalidwe ndi anthu ovala malaya ofanana? Wapampando wake anali Abiti Saidi, mayi wowamba nsomba wa kuseri kwa mzikiti, amene mawu awo amamveka kutsidya popanda chimkuzamawu. M'nyumba mwathu Estere ndiye analowa poyamba. Anatenga ntchito ya ku nazale, kuthira dothi m'machubu ndi kufesa mbawa ndi msangu zokabzala m'mbali mwa mtsinje, kuti matope asamatsikire m'nyanja. Atatisiya, mbande zake zinayamba kufota, ndipo sindinathe kuziyang'ana zikufa. Ndinanyamula ndowa n'kukathirira. Umo ndi mmene ndinalowera m'gulu, osati ndi nzeru koma ndi chisoni.

Gululi limakumana Lachitatu, chifukwa Lachisanu ndi la anzathu a ku mzikiti, Lamulungu ndi lathu, ndipo Loweruka ndi la maukwati. Palibe amene amafunsidwa satifiketi. Abiti Saidi amangofunsa kuti, "Manja anuwo amadziwa chiyani?" Amayi ena amaumba mbaula ndi mauvuni owambira nsomba osadya nkhuni zambiri. Achinyamata amabzala bango mmene linadulidwa, pakuti m'bango ndimo kasawala amabisala mpaka atakula. Alipo oyenda m'masukulu ndi sewero, mmene Che Bwanali, mkulu wa alonda a pamadzi, bambo wa ndevu zotuwa, amavala chiguduli n'kusanduka chambo chachikazi, ana kumaseka mpaka kugubuduka. Alipo oima padoko m'mawa kuyang'ana maso a maukonde. Nkhalamba ina yosaona bwino ntchito yake ndi kuimba chitsulo cha msonkhano basi, ndipo sinachedwepo. Ine anandipatsa zingwe. Mfundo yanga simasuka, ngakhale mwera uwombe sabata yathunthu.

Tsopano mumve manyazi anga, pakuti sindikufuna muziti agogo anadzilemba ngati mngelo. Inafika nthawi yakuti gulu lisankhe malo m'nyanja oti atsekedwe, pasamaponyedwe ukonde chaka chonse, kuti nsomba ziswane. Abiti Saidi ndi amayi anzawo nsomba amaidziwa ikafika pamtunda. Pansi pa nyanja anali asanapaonepo, popeza kwathu kuno mkazi sakwera bwato la usodzi. Choncho anafunsa ife amuna. Msodzi wina anaimirira natchula malo a kumpoto kwa doko, pathope lakuda, pamene ngakhale nkhanu imadutsa chothamanga. Anati ndi pafupi, ndi posavuta kulondera. Asodzi onse anakweza manja msangamsanga, ena awiri onse. Tonse tinkadziwa kuti pamenepo palibe nsomba, ndipo n'chifukwa chake tinapakonda. Inenso, mwana wa mishoni, woimba kwaya zaka zonsezi, ndinakweza langa.

Ndinamanga zigubu zachikasu pa zingwe, tinazizika ndi miyala mozungulira thopelo. Mvula inagwa n'kutha, inagwanso. Che Bwanali, amene kwawo ndi kumapiri ndipo nkhafi anaiphunzira atakula, ankapalasa ndi anzawo dzuwa lili pamutu, wezulo ili pakhosi, kulondera madzi opanda kanthu. Abiti Saidi ankafunsa padoko ngati chambo chayamba kuchuluka, amuna n'kumayankha kuti pang'onopang'ono, mayi, kwinaku akutsinzinirana diso. Ine ndinkamwa nawo tiyi wa gulu, pakamwa nditatseka.

Chimene chinandithyola ndi ichi. Tsiku lina m'mawa, chimanga chili m'maondo, ndinapita padoko kukasoka ukonde wa munthu, ndipo boti la Mateyu linali litangofika. Pamwamba anaika utaka wophimbira, koma diso la msodzi silinamizika. Ndinakankha utakawo ndi phazi. Pansi pake panali chambo chodzaza, china chikadapuma. Mukudziwa, kapena mwina simudziwa popeza nsomba mumaidziwira m'mbale, kuti chambo chachikazi chimasunga ana ake m'kamwa. Chimene ndinachionacho chinayasamula, ndipo tiana tinatuluka, tating'ono ngati mpunga, n'kumaphiriphitha m'madzi akuda a pansi pa boti. Pambali panali ukonde wa maso oti ngakhale chala cha khanda sichingalowe.

Sindinamuchititse manyazi pagulu. Ndinamuitana tsiku lomwelo kuti akwere bwato langa lakale tipalase pang'ono, popeza nkhaniyo sinali ya pamtunda. Ndinamukumbutsa mawu a amalume. Iye sanakane. Anati kwina konse nyanja yauma, injini imafuna mafuta, ana atatu amafuna kudya, ndipo amalume a Barnaba anamwalira asanaone dziko la lero. Bambo anu si munthu woipa, ndipo zimene ananenazo si zabodza. Ndinamupempha kuti angodikira chimanga chimasule. Anandiyang'ana nati, "Bambo, malo aja munandipatsa. Chimene munthu wapatsidwa ndi chake."

"Ndinakupatsa kuti usunge," ndinatero.

"Ndasunga. Ndani wina akudziwa?"

Apo ndi pamene ndinaona pomwe mwambo wathu unathyokera. Lamulo la kubisa analisunga bwino lomwe. Lamulo la kuleka analitaya. Chinsinsi chimene chinkatchinjiriza nsomba kwa anthu ambiri chinali chitasanduka mpanda wotchingira munthu mmodzi kuti azimalize popanda womuona. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Khoswe wanga anali mwana wanga, ndipo pamkhatepo ndinamukhazika ndine.

Ndinamupatsa masabata awiri. Anapitanso kanayi.

Lachitatu lotsatira, Abiti Saidi atafunsa ngati pali zina, ndinaimirira n'kuvula chipewa. Ndinati zigubu zimene ndinamanga ndi manja anga zikulondera thope, ndipo msodzi aliyense pamsonkhanowo akudziwa zimenezo. Wina kumbuyo anati nkhalamba yayamba kuzungulira mutu. Kenaka ndinanena pamtunda, dzuwa likuwala, pamaso pa amayi ndi ana, zimene sizinanenedwepo pamtunda: mlambe ndi mtanda, mgwalangwa ndi mpata wa ku Chowe. Dzina la Mateyu sindinalitchule.

Abiti Saidi sanandithokoze. Anandiyang'ana nati, "Ambuje, ndiye nthawi yonseyi mumationerera tikutunga madzi ndi dengu?"

"Eya, mayi. Pepani."

"Mawa mutitengere komweko. Inenso ndikwera."

Ndipo anakweradi, atamanga chitenje m'chiuno, amuna akung'ung'udza kuti nsomba zithawa. Anawayankha kuti zimene zikanathawazo anazimaliza kale ndi iwowo. Titafika n'kuyang'ana pansi, mitondo inali yowerengeka. Yambiri inali itafafanizika ndi chingwe cha ukonde chokokedwa pamchenga. Tinakazula zigubu pathope n'kuzimanga Pa Mitondo tsiku lomwelo.

Zotsatira zake mukuzidziwa, pakuti munali kuseri kwa nkhokwe mukumvetsera. Musaganize kuti sindinaone mapazi anu. A Marita anaitanitsa banja lonse. Anati ndavula makolo pagulu. Anati chinthu chimene amalume anachisunga mpaka kumanda ndachimwaza ngati madeya a nkhuku. Mateyu anati ndalanda chakudya cha ana ake n'kuchipereka kwa anthu akunja, ndipo sadzapondanso pakhomo panga kufikira nditapepesa pamaso pa banja ndi kutuluka m'gulu. Atandipatsa mpata, ndinati chopepesa ndinali nacho chimodzi, dzanja lija ndinakweza posankha thope, ndipo ndinachipepesa kale kwa eni ake. Za Pa Mitondo sindipepesa lero, sindidzapepesa mawa, ndipo akadzandiika m'bokosi asadzayembekeze kuti ndidzatulutsa mutu n'kupepesa. Cholowa chimene amalume anandisiyira chinali nsomba; chinsinsi chinali chotengera chabe. Chotengera chikabooka, munthu salirira chotengera, amathira m'china.

Mateyu wasunga mawu ake. Miyezi yapita tsopano. Kutchalitchi amakhala mbali ina, ndipo pa nthawi yopatsana mtendere amayang'ana kudenga. Zimandiwawa, musaganize kuti mtima wa nkhalamba ndi chikopa. Ndiwo zimene ankanditumizira zinaleka, ndipo pa msinkhu uno ndaphunzira kukonda therere. Asodzi ena akandiona padoko amasiya nkhani, ena amanditcha kazitape. Atche. Ndinakhala chete kamodzi kuti ndikondedwe, ndipo ndikudziwa mmene tiyi wake ankawawira. Sindibwererako.

Komabe pali mawu amodzi a bambo anu amene ali oona, ndipo ndiwo andigwiritsa cholembera. Pochoka pamsonkhano wa banja uja anati, "Mwauza dziko lonse. Tsopano akuba adzakhala gulu, osati mmodzi." Sananame. Kale Pa Mitondo pankatetezedwa ndi kusadziwika. Lero zigubu zachikasu zikulozera aliyense, ngakhale mlendo wochokera kutsidya. Kawiri konse tapeza zingwe zitadulidwa ndi mpeni, ine n'kumanganso. Madzi akatayika saoleka, ndipo mawu anga sangabwerere m'kamwa. Chimene chatsala kuteteza malo aja ndi maso a anthu basi. Gulu likafooka, anthu akatopa ndi misonkhano, Che Bwanali akakalamba popanda wolandira nkhafi yawo, Pa Mitondo padzatha msanga kuposa mmene Mateyu akadapathera. Zikadzatero a Marita adzakhala kuti ananena zoona, ndipo wakupha cholowa chanu adzakhala ine. Ine amene sindinagwirepo njuga ndinabetcha ndi dzina langa kuti anthu ambiri oyang'ana aposa munthu mmodzi wobisa.

Sindikunamizani kuti chambo chabwerera. Achinyamata obzala bango akuti akuona kasawala wochulukirapo, koma achinyamata amaona zimene akufuna kuona. Mwina ine ndidzapita ndisanadziwe yankho. Inu mudzalidziwa, ndipo mbali ina mudzalipanga ndinu.

Iwe Lusiya, umagwira ntchito kukhitchini ya alendo ku Nkopola, ndipo ukuti Lachitatu sungabwere. Ndamva. Koma nsomba zimadutsa m'manja mwako tsiku ndi tsiku. Wina akabwera pakhomo la khitchini ndi chambo chosakwana chikhatho, kapena pa nyengo yotseka nyanja, uli ndi pakamwa: uza akuluakulu ako mwaulemu kuti chimenecho ndi khanda, ndipo chisagulidwe. Umenewo ndi umembala wokwanira, ngakhale wopanda malaya. Iwe Tiyamike, unayamba kulankhula usanamere mano ndipo sunapumepo; a sewero akusowa munthu wotere, ndipo kwa nthawi yoyamba udzayamikiridwa chifukwa cha phokoso. Ukatopa nalo, ku nazale kuli machubu a agogo ako aakazi, ndipo msana wanga sukupindikanso bwino.

Iwe Yosefe, nkhani yako ndiyo yolemera, chifukwa ndiwe amene umakwera boti la bambo ako. Sindikukuuza kuti usankhe pakati pa ine ndi iwo. Ine ndine dzuwa lopendeka, ndipo sindifuna kusiya nyumba yogawanika chifukwa cha ine. Ngakhale pakhomo panga musabwere ngati kubwerako kukuyambitsa ndewu kwanu. Ndili ndi nkhuku zolankhula nazo.

Bambo anu muziwapatsa ulemu wonse. Muziwalandira katundu akamachokera kunyanja, muziwatungira madzi osamba, ndipo musadzayerekeze kuwanyoza pagulu chifukwa cha zimene ndalembazi. Koma tsiku limene adzakutume, iwe Yosefe, kuti ukaponye ukonde mkati mwa zigubu, ugwade pamchenga unene kuti, "Bambo, kumeneko ayi," ndipo usakweze mawu. Akakalipa, ukhale chogwada mpaka atamaliza. Kenaka udzuke, ukawagwirire ntchito ina iliyonse imene angakupatse.